Kukula kwa singano si mphamvu ya mankhwala

Kunja kwangocha kumene, koma pabwalo la tchalitchi china m'dera la Tsangano amayi afola kale. Mphepo yochokera kumapiri a m'malire a Mozambique ikulowa mpaka m'mafupa. Ana akulungidwa m'zitenje ziwiriziwiri, tizipewa taubweya tili kumutu.

Lero ndi tsiku la sikelo.

Mlangizi wa zaumoyo wafika panjinga, bokosi losungira katemera atalimangirira pakaliyala. Wapachika sikelo panthambi, wayala nsalu pakatebulo, kenako watulutsa mapaketi a masirinji. Ukawaonera patali umayesa ndi amodzi. Ukayandikira umaona kuti ndi osiyana.

Woyamba kufika patebulo ndi khanda la masiku owerengeka. Kasingano kake nkakafupi, kowonda ngati ubweya wa kumchira wa ng'ombe. Mlangizi wakagoneka pakhungu la mkono monga achitira munthu wozula minga, ndipo walowetsa nsonga yokha. Pakhungupo patumphuka kachithuza koyera ngati poluma udzudzu. Katemera wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, walowa.

Wachiwiri ndi mwana wa masabata 10. Singano yake ndi ina, yotalika kawiri ndi theka kuposa yoyamba ija. Mlangizi wagwira ntchafu, waimika singano chilili, wailowetsa.

Mwana walira mokuwa. Mayi ake akwinya nkhope.

Funso limene lili pankhope yawo lili m'mitima ya amayi ambiri pamzerepo: bwanji wa anzanga mwamubaya ndi kakang'ono, wanga ndi chachitali chonchi?

Yankho lili m'timanambala tolembedwa papaketi, timene timapita m'bokosi la zinyalala popanda wotiwerenga.

Nambala yoyenda chambuyo

Papaketi ya singano iliyonse pamakhala manambala awiri. Ina imatsatana ndi chilembo cha G, ndipo imanena kunenepa kwa singanoyo. Inayo imanena kutalika kwake m'mamilimita. Singano imene ana ambiri amabayidwa nayo pantchafu ndi 23G ya mamilimita 25. Ya BCG imakhala 26G kapena 27G, yotalika mamilimita 10 okha.

Chosokoneza nchakuti nambala ya G imayenda chambuyo. Ikamakwera, singano imawonda. Ya 16 ndi chimphona, ya 30 ndi kaubweya.

Kachitidwe kameneka kanachokera kwa amisiri osula waya ku England, makamaka mumzinda wa Birmingham. Waya ankaukoka kudutsa m'mabowo a chitsulo ocheperachepera, ndipo nambala inkakwera waya akamawonda. Pamene Alexander Wood wa ku Edinburgh ndi Charles Pravaz wa ku France ankayamba kubaya mankhwala ndi singano yoboola mkati cha m'ma 1853, muyeso wa waya unalipo kale. Achipatala anangoutengera.

Telala wa pakhonde la sitolo pa Ntcheu boma akhoza kukutsutsani, ndipo sangakhale akunama. Pamakina ake nambala imayenda chakutsogolo: 14 ndi ya nsalu wamba, 16 ndi 18 ndi za jinzi ndi nsalu zolimba. Akalakwitsa, singano imathyoka kapena nsalu imabooka. Nayenso wosoka matumba a mbatata ya kachewere pamsika wa Lizulu ali ndi chisingano chake chimene sichingasoke kolala ya malaya.

Onsewa amadziwa chinthu chimodzi: ntchito ndiyo imasankha singano.

Kusiyana kwake nkwakuti telala akalakwa amasula ulusi nkuyambiranso. Namwino alibe mwayi umenewo.

Pofuna kuti wogwira ntchito asasokonezeke pamene zinthu zavuta, opanga anagwirizana zoika mitundu patsinde la singano. Ya 21 ndi yobiriwira, ya 23 ndi ya buluu, ya 25 ndi ya olenji, ya 18 ndi ya pinki. Nchifukwa chake m'wodi mumamveka namwino akuitanitsa mtundu, osati nambala.

Mbewu iliyonse ndi phando lake

Mlimi wa ku Ntcheu safuna kuuzidwa kuti mbewu sizibzalidwa mozama mofanana. Njere ya fodya kapena ya mpiru imangowazidwa pamwamba pa bedi. Chimanga chimafuna phando. Kachewere amafuna kukwiriridwa bwino. Mukasinthanitsa, mbewu ndi yomweyo, nthaka ndi yomweyo, koma simukolola.

Thupi nalonso lili ndi magawo. Pamwamba pali khungu, pansi pake pali mafuta, pansi pa mafuta pali mnofu. Mankhwala aliwonse anapangidwira gawo lake.

BCG amayenera kutsala m'khungu mwenimweni. Nchifukwa chake singano yake ndi yaifupi ndipo amaigoneka. Kachipsera kamene Amalawi ambiri tili nako pafupi ndi phewa ndi umboni wakuti wobayayo analasa pamalo. BCG akapitirira nkukalowa pansi pa khungu, amatha kuyambitsa chithupsa kapena kutupitsa mwanabere kukhwapa.

Katemera wa chikuku, amene mwana amayamba kulandira pa miyezi 9, amapita m'mafuta a pansi pa khungu, singano itapendekeka.

Koma katemera woteteza ku matenda asanu, amene amaperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14, amayenera kufika mumnofu. Mnofu uli ndi magazi ambiri oti anyamule mankhwala. Akatsakamira m'mafuta, pamalopo pamatupa, pamafiira, pamauma ngati mwala, ndipo mwana amalira usiku wonse.

Apa ndi pamene chifundo cha maso chimapusitsa.

Mu 2006, ofufuza a ku Oxford motsogozedwa ndi Linda Diggle anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa makanda pafupifupi 700. Ena anabayidwa ndi singano ya mamilimita 25, ena ya mamilimita 16. Amene anabayidwa ndi yaitali ija ndi amene anatupa ndi kufiira pang'ono.

Choncho singano imene inakwinyitsa nkhope ya mayi uja ku Tsangano ndi yomwe inamuchitira mwana wake chifundo.

Thupi la wolandira nalonso limalankhulapo. Munthu wamkulu wojintcha amafuna singano yotalikirapo, ya mamilimita 38 kapena kuposa, kuti idutse mafuta nkufika pamnofu. Mwana wonyentchera kapena gogo amene watsala mafupa okhaokha amafuna kusamala kwina, kuti singano isakagunde fupa.

Palinso kulimba kwa mankhwala. Ena ndi amadzimadzi, ena ndi a phalaphala. Penisilini wa benzathine, amene amachiza chindoko komanso kuteteza mtima wa ana amene anadwala nyamakazi yogwira mtima, ndi woyera ngati mkaka ndiponso wolimba. Mukamuika m'kasingano kowonda, amatseka njira jakisoni ali pakati, ndipo wodwala amabayidwa kawiri. Nchifukwa chake namwino amatenga ya 21 kapena yonenepa kuposa pamenepo. Sikuti ndi nkhanza.

Pamene mphindi ndi moyo

Msewu wa M1 umadula boma la Ntcheu kuchokera ku Lizulu, kudutsa Biriwiri ndi paboma, kulowera ku Balaka. Mabasi, mathiraki ndi njinga zamoto za kabaza zimapanikizana mumsewu umodzimodziwo. Ngozi ikachitika, ovulala amathamangira nawo kuchipatala cha boma.

Kumeneko funso la singano limasintha. Silikhalanso la kuzama, koma la liwiro.

Munthu amene wataya magazi ambiri amafunika madzi a diripi ndi magazi mwachangu. Zimenezi zimadutsa mu kanyula, kapaipi kapulasitiki kamene singano imakaperekeza mumtsempha nkukasiya momwemo. Makanyula ali ndi mitundu yawoyawo, yosiyana ndi ya masingano a jakisoni: 16 ndi wotuwa, 18 wobiriwira, 20 wa pinki, 22 wa buluu, 24 wachikasu.

Aliyense amene anathirirapo kudimba amadziwa kuti paipi yonenepa pang'ono imatulutsa madzi ochuluka kwambiri. Kanyula wa 16 amatha kutsitsa lita ya madzi m'mphindi pafupifupi 6. Wa 24 amafuna nthawi yoyandikira ola lathunthu. Kwa mayi amene akutaya magazi atangobereka, kusiyana kumeneku ndi kusiyana kwa kubwerera kumudzi ndi mwana kumsana kapena kubwerera m'bokosi.

Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unaonetsa zomwezo. Wodwala amene madzi amuthera m'thupi mitsempha yake imafota, ndipo luso la namwino limaoneka pa kupeza mtsempha ndi kulowetsamo kanyula wamkulu amene mtsemphawo ungalole.

Koma kwa khanda lobadwa masiku asanakwane, kanyula wachikasu uja ndiye mfumu. Wamkulu angang'ambe kamtsempha kake.

Ophunzira a kusekondale amene amapereka magazi ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service amaidziwa bwino singano ya 16. Ambiri amatembenuza nkhope akaiona. Komabe kunenepa kwake kuli ndi chifukwa: thumba la mamililita 450 liyenera kudzaza m'mphindi pafupifupi 10 magazi asanaundane, ndipo tizigawo tofiira ta magazi timaphwanyika tikakakamizidwa kudutsa pakabowo kakang'ono. Magazi ophwanyika sathandiza wodwala. Ngakhale poyeza magazi mu labu, singano yowonda kwambiri imatha kuwononga zotsatira.

Kasingano kamene kanalowa m'nyumba

Pali nthawi zina pamene kuchepa kwa singano ndiko kwasintha miyoyo.

Kwa zaka zambiri, jakisoni wolera wa Depo ankafuna kuti mayi ayende ulendo miyezi itatu iliyonse kukabayitsa mumnofu. Kwa mayi wa kutali ndi chipatala, monga m'midzi ya kuchigwa cha Bwanje nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza, tsiku lobayitsa linkadutsa mosavuta. Zotsatira zake zinkaoneka pakatha miyezi ingapo.

Kenako kunabwera Sayana Press. Mankhwala ake ndi a mtundu womwewo, koma ochepera muyeso, ndipo amabwera ali kale m'kathumba kapulasitiki kolumikizidwa ku kasingano ka sentimita imodzi. Safuna mnofu. Amapita pansi pa khungu, pamimba kapena pantchafu. Mayi akaphunzitsidwa, amatsina khungu, nkudzibaya yekha m'chipinda mwake.

Umboni umene unathandiza maiko ambiri kuvomereza njirayi unachokera kwa anansi athu a ku Mangochi. Kafukufuku wa amayi oposa 700, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti patatha chaka, amayi 73 pa 100 alionse odzibaya okha anali akupitirizabe kulera, poyerekeza ndi 45 pa 100 mwa amene ankadalira kubayidwa ndi azaumoyo.

Mamilimita ochepa chabe anachotsa ulendo wa makilomita ambiri.

Odwala matenda a shuga amene amadzibaya insulini tsiku ndi tsiku ali m'gulu lomweli. Insulini amayenera kukhala m'mafuta a pansi pa khungu kuti alowe m'magazi pang'onopang'ono. Singano ikatalika nkufika mumnofu, amalowa mothamanga, shuga amatsika mwadzidzidzi, munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, mwinanso kukomoka. Nchifukwa chake masingano a insulini ndi aafupi ndiponso owonda kwambiri, ena a mamilimita 4 okha.

Sirinji yakenso ndi yapadera. Mizere yake imawerenga mayunitsi, osati mamililita, ndipo iyenera kugwirizana ndi nambala yolembedwa pabotolo. Kubwereka sirinji wamba kapena ya muyeso wina nkuika moyo pachiswe.

Vuto la odwala ambiri a kumudzi ndi kubwereza singano imodzi masiku angapo chifukwa chosowa ina. Nsonga imabuntha, kubaya kumapweteka, ndipo pamalo obayabaya pamamera zibulu zimene zimasokoneza kalowedwe ka mankhwala. Azaumoyo amalangiza kusinthasintha malo obaya.

Chikhulupiriro cha jakisoni wowawa

Tisanamizane, Amalawi ambiri timakhulupirira jakisoni kuposa mapiritsi. Wodwala akabwera kuchipatala ndi mapiritsi okhaokha, kumudzi amati sanathandizidwe. Akabwera akutsimphina, thako likuwawa, amati apo ndiye alandira mankhwala enieni.

Mwina tinazitengera ku mphini. Makolo athu ankakhulupirira kuti mankhwala amphamvu amalowera pomwe patuluka magazi.

Chikhulupiriro chimenechi ndicho chimadyetsa madokotala a m'chikwama, amene amayenda m'misika ndi m'midzi ndi mabotolo a mankhwala ndi singano ya saizi imodzi. Yomweyo abaya bambo wa mindevu, yomweyonso abaya mwana wa chaka chimodzi.

Ndipo amakonda thako.

Mkati mwa thako mumadutsa mtsempha waukulu umene umayendetsa mwendo wonse mpaka kuphazi. Mwa mwana wamng'ono, mnofu wa thako ndi wochepa ndipo mtsemphawo uli pafupi. Singano yaitali yobayidwa pamalo olakwika imaulasa, kapena mankhwala amauwotcha. Phazi limagwa, mwana amayamba kukoka mwendo, ndipo ena sachira moyo wawo wonse. Madokotala a ku Uganda ndi ku Nigeria analemba za ana ambiri amene analumala motere atabayidwa majakisoni a malungo ndi kutentha thupi, makamaka kwinini.

Kumudzi zoterezi zimatha kutchedwa poliyo kapena ufiti. Chonsecho ndi singano.

Ichi ndi chifukwa chake mlangizi wa ku Tsangano uja anagwira ntchafu osati thako. Kwa khanda, mbali yakunja ya ntchafu ndiyo ili ndi mnofu wokwanira, ndipo ili kutali ndi mtsempha woopsawo.

Singano imodzi, munthu mmodzi

Ngakhale saizi ikhale yolondola chotani, singano yogwiritsidwa kale ntchito ndi mdani.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse padziko pamabayidwa majakisoni pafupifupi 16 biliyoni, ndipo 90 pa 100 alionse ndi ochizira matenda, ambiri mwa iwo oti mapiritsi akanatha kugwira ntchito yomweyo. Kafukufuku amene bungweli linathandizira anayerekeza kuti mu 2010 mokha, majakisoni osasamala anapatsira matenda a chiwindi a mtundu wa B kwa anthu ofika 1.7 miliyoni, ndi kachilombo ka HIV kwa anthu ofika 33,800.

Achikulire akukumbukira nthawi ya masirinji agalasi ndi masingano owiritsa m'poto. Nthawi imeneyo inapita. Mu 1999, WHO, UNICEF ndi UNFPA anagwirizana kuti katemera aziperekedwa ndi masirinji odzitseka okha. Mukangokankha kamodzi, sirinjiyo imakana kubwerera. Ndi amene ali patebulo la sikelo lero, ndipo singano yake imabwera yomatiriridwa kale pa saizi yoyenera katemerayo.

Akamaliza kubaya, mlangizi sabwezera chivindikiro pasingano. Amaiponya m'katoni yapadera yokhala ndi kabowo pamwamba, imene imakawotchedwa isanadzaze. Azaumoyo ambiri amene anadzibaya mwangozi zinawachitikira pobwezera chivindikiro.

Aliyense amene walasidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, kaya ndi namwino, wokolopa m'wodi kapena mwana amene waitola kudzala, asambe pabalapo ndi sopo nkuthamangira kuchipatala. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28.

Kukhola nakonso

Ntcheu ndi dziko la Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani, ndipo Mngoni ndi ng'ombe sasiyana. Masiku ano alimi ambiri amagula okha mankhwala a ziweto nkumabaya okha.

Lamulo ndi lomwe lija. Chikopa cha ng'ombe ndi chokhuthala, ndipo mankhwala ena a ziweto ndi olimba ngati mafuta ophikira, motero pamafunika singano ya 16 kapena 18. Mbuzi ndi ana a nkhumba amafuna yocheperapo. Singano yopindika siyenera kuwongoledwa, chifukwa imathyokera m'nyama. Yobuntha imasiya chithupsa chimene wogula nyama adzachipeze pampeni. Ndipo singano imodzi yoyenda khola ndi khola imanyamula matenda kuposa mphepo.

Nkhuku zili ndi mwayi. Katemera wa chitopa wa I-2 safuna singano nkomwe, ndi kadontho ka m'diso basi.

Choopsa nchakuti singano ya kukhola nthawi zina imalowa m'nyumba. Ya ng'ombe ndi ya ng'ombe. Isayandikire munthu.

Ufulu wofunsa

Dzuwa lakwera ku Tsangano, ndipo mzere watha. Mwana uja analira watonthola kalekale, ali mtulo kumsana. Mlangizi walemba tsiku lobweranso m'kabuku ka kusikelo, watseka katoni ya masingano, wamangirira bokosi lake pakaliyala.

Boma la Ntcheu lili ndi anthu oposa 650,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Pafupifupi aliyense wa iwo anakumanapo ndi singano, ndipo adzakumana nayonso. Sikuti onse aloweze manambala ndi mitundu. Imeneyo ndi ntchito ya amene anapita kusukulu yake, amene ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi kapena Nurses and Midwives Council of Malawi, ndi alangizi a zaumoyo ophunzitsidwa ndi boma.

Koma pali zinthu zimene wodwala aliyense ndi mlezi aliyense angachite. Onetsetsani kuti paketi yatsegulidwa inu mukuona. Musaumirize dokotala kuti akubayeni pamene wanena kuti mapiritsi akwanira. Musapemphe kasingano kakang'ono chifukwa cha mantha, kapena chachikulu poganiza kuti ndicho champhamvu. Musalole munthu wa chikwama kukhudza thako la mwana wanu. Ndipo pamalo obayidwa pakatupa mopitirira, pakatuluka mafinya, kapena mwendo ukachita dzanzi, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati simukumvetsa chifukwa chimene asankhira singano imeneyo, funsani mwaulemu. Wophunzira ntchito yake sakwiya ndi funso, amayankha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.